Nchima ndi Mchere Wosaphika

Kale kwambiri, nyama zisanaiwale kuphika, Nchima sankaponda pansi. Ankakhala pamwamba pa mitengo ya m'phiri, ubweya uli waliwali, ndipo ankati dothi ndi la amphawi. Mungamudziwe bwanji Nchima, ana inu? Ndi pusi wa m'nkhalango zowirira, wa nkhope ngati munthu amene wangomva fungo loipa.

Kumunsi, kudambo, kunali Mai Nungu, katswiri wophika mchere. Nchima ankawaponyera masuku ali mumtengo, iwo n'kumukolekera kachikwatu ka mchere panthambi. Zinthu zinkayenda bwino mpaka tsiku limene Nchima analuma kamchenga m'ndiwo.

"Inu alamu!" anakuwa, nkhalango yonse ikumva. "Ngati kwanuko mumadya dothi, musatiyese tonse odya dothi!"

Mai Nungu anangomasula kachikwatu kawo panthambi paja n'kubwerera kudambo, ndipo mchere unathera pomwepo.

Tsoka ilo, mkazi wa Nchima anali woyembekezera. Masamba opanda mchere anamukana, anayamba kuwonda, manja osagwiranso nthambi bwinobwino.

"Bambo, ndigwa ine, ndipo ndigwa ndi mwanayu," anatero mkaziyo akulira. "Tsikani mukapepese. Kodi pepani amathyola nsagwada?"

"Ine kupepesa kwa chinthu chogona kuuna? Ndikaonera ndekha mmene amapangira. Nanga mchere n'chiyani?"

M'mawa mwake anakabisala mumkuyu wa m'mbali mwa dambo. Anaona Mai Nungu akupala dothi loyererako ndi chigoba. Iwo anatapa pang'ono n'kuika palilime, monga amachitira ophika mchere pofuna kudziwa ngati dothilo lili ndi mphamvu, kenako anagwedeza mutu mokhutira.

"Basi? Nzeru yonse ija ndi imeneyi?" Nchima anaseka chamumtima, n'kuliyatsa liwiro la kwawo.

Akanangodikira pang'ono, akanaona dothilo likuthiridwa mudengu, madzi akutsanuliridwa pamwamba, akudontha mumphika, mphikawo n'kukhala pamoto mpaka mchere kuyera kuti mbee. Koma wanzeru wathuyu anali atamaliza kale sukulu.

Madzulo anatsika ndi mkazi wake, koyamba chibadwire, akunyang'ama ngati oponda paminga. Anapala dothi n'kubwira. Linkalawa mchere ndithu, ngakhale mano ankachita gweregwede. Mkaziyo sanasamale za mano; anadya ndi manja awiri, maso n'kuyamba kuwala.

Ali mkati mobwira, kumbuyo kwawo kunamveka kutsokomola. Anali Mai Nungu, mtsuko uli pamutu.

"Zikomo kumeneko, alamu. Kodi odya dothi aja afika liti kuno?"

Nchima anafuna pansi patang'ambika, pansi pomwe ankapanyoza paja. Koma Mai Nungu, ataona nthiti za mayi woyembekezerayo, chifundo chinawagwira.

"Iyayi, zatha zimenezo. Bwerani mawa ndi dengu, ndikuphunzitseni kusefa ndi kuphika. Mnzangayu asavutike chonchi."

Mkazi wa Nchima anatsegula pakamwa kuti athokoze. Mwamuna wake anamutsogolera, matope ali ndwii m'masaya.

"Musavutike, alamu. Kuphika timakudziwa kalekale. Kungoti ife a m'mwamba mchere timaukonda wauwisi. Wophika uja ndi wa anthu ofooka mano."

"Oho," anatero Mai Nungu. "Ndiye idyani bwino." Ndipo anapitiriza ulendo wawo wa kumadzi.

Mwana anabadwa wamoyo, pakuti m'dothimo mchere unalimodi. Koma mawu aja anali atatuluka pamaso pa mboni, ndipo Nchima sakanawameza. Anaphunzitsa mwanayo kuti kubwira dothi ndi mwambo wa mtundu wapamwamba, mwanayo n'kuphunzitsa ake. Akuluakulu amati safunsa anadya phula. Safunsayo zinamuyendera, poti phula silikukuta mano ngati dothi.

Ndi chifukwa chake lero, mukapita m'nkhalango za m'phiri, mudzaona anchima akutsika mwakachetechete kukabwira dothi pachulu kapena pamtsetse wa mchere. Amatapa, n'kucheuka, kutapanso, n'kucheukanso. Alenje amati amaopa kambuku. Bodza limenelo, ana inu. Amaopa kuti Mai Nungu angawapezenso n'kuwafunsa ngati mchere wauwisi uja ukukoma.