Dengu la mankhusu la apongozi

Timoteyo Alufandika adaphunzira zomangamanga kumishoni masiku a atsamunda, ndipo atakwatira Eva kwa Malengachanzi adalumbira kuti nyumba yake ya chikamwini idzakhala ya njerwa, yoyamba m'mudzi monsemo. Eva adali ndi pakati, choncho nyumbayo inkafunika mvula isanagwe.

Tsono dothi la kumeneko ndi makande, lakuda bii, lotupa mvula ikagwa, long'ambika dzuwa likakula. Chomwe chinkamuzunguza mutu Timoteyo ndi khoma la apongozi ake, mayi Leah: matope omwewo, koma mng'alu ndi umodzi womwe ayi. Ankaligogoda, kulikanda ndi chikhadabo, ngakhale kulinunkhiza akaona kuti palibe womuona. Kufunsa ndiye kudamukanika. N'zoona kuti mkamwini salankhula ndi apongozi maso ndi maso, koma kodi Eva adalibe pakamwa? Kudali kunyada basi. Mmisiri wa kumishoni aphunzitsidwe matope ndi munthu wosaponda m'kalasi?

M'mawa wina adapeza dengu pambali pa dzenje loponderamo matope, lodzaza mankhusu a mpunga, phulusa ndi udzu woduladula. Mankhwala otsirikira nyumba awa, kwa iye Mkhristu wobatizidwa! Adakakhuthula zonse kudambo, n'kusamba m'manja kawiri, osauza munthu.

Adaumba, adamanga, adafolera. Mu Okutobala ming'alu idayasama yoti dzanja n'kulowa, iye n'kumangomata pamwamba. Mvula yoyamba itagwa makande adatupa, khoma la kuchipinda lidapendama n'kugwera pamphasa pomwe Eva adali atangodzukapo. Timoteyo adachita mantha.

Ataima pamatopewo, Eva adafunsa motsitsa mawu: "Kodi dengu lija adatumiza amayi, simudaponderemo?"

"Mankhwala aja?"

Eva adamuuza kuti mankhusu ndi udzu zimagwira dothi kuti lisang'ambike, phulusa limaliletsa kutupa, ndipo amayi ake adapeta mankhusuwo masiku atatu kuti mkamwini wawo asachite manyazi.

Mwana adabadwira m'nyumba ya apongozi, m'kati mwa khoma lomwe lija Timoteyo ankalinunkhiza. Timoteyo adagona dzinja lonse pakhonde la mlamu wake, udzudzu ukumuimbira. Zoonadi, safunsa adadya phula.