Lilime la Sosteni ndi Chubu Chobooka

Panali munthu wina wokonza njinga pamsika. Anali mkamwini, wokhala kwawo kwa mkazi wake, ndipo mukudziwa kuti mawu a mkamwini pamudzi amapepuka ngati nthenga ya nkhuku. Anali ndi mwana, Sosteni, mnyamata wamkulu ndithu, ndevu zitayamba kusuzumira. Koma akamalankhula, lilime linkatsogola n'kutulukira pakati pa mano, moti dzina lake lomwe linkatuluka lonyowa. Anzake ankamufunsa dzina dala kuti aseke. Mnyamatayo anasiya kulankhula pagulu.

Achibale a mayi ake anali ndi nzeru zambiri. Wina anati amwe mazira aawisi. Wina anati alume mchira wa mbuzi. Kenako malume ake, mwini mbumba, anagamula: "Lilimeli latalika. Chimanga chikangolowa m'nkhokwe ndibwera ndi munthu wa lezala, adzadule nsonga."

Bambo uja anavula chipewa. "Alamu, magaziwo akakana kusiya?"

"Inu munabwera kudzakwatira, osati kudzafunsa mafunso."

Bamboyo akanatha kukhala chete, monga akamwini anzake amachitira. Koma m'mawa mwake anamutenga mwanayo kuntchito. Anapopa chubu chobooka n'kuchiika pakhutu pake.

"Wamva? Chubuchi chilibe lilime koma chikunena bwino. Luma mano, lilime likhale m'khola, utulutse mpweya wokha."

Anamupatsanso galasi la njinga kuti aziliona lilimelo likafuna kuthawa.

Tsiku ndi tsiku awiriwo ankakhala pansi pa mtengo akuchita ssss, mpaka amayi ogulitsa tomato anadumphapo kangapo poyesa njoka. Tsiku lina machubu obooka atasowa, bamboyo anaboola chabwinobwino cha njinga yake, n'kubwerera kumudzi wapansi akukankha. Lilimelo linali louma mutu. Lero lakhala, mawa lathawa. Bamboyo sanakalipe. Ankangoti, "Labwera kudzationa. Libwezere m'nyumba."

Chimanga chitalowa m'nkhokwe, malume anafikadi ndi munthu wa lezala. Anthu anasonkhana, poti zoonera zaulere sizisowa anthu. Sosteni anaimirira, analuma mano, n'kunena pang'onopang'ono:

"Malume, siyani. Sindikufuna."

Mawu anatuluka ouma, oyera, opanda dontho la malovu.

Malume anatembenukira kwa anthu. "Mwaona? Kungoona lezala, lilime lawongoka." Ndipo analamula kuti aphe nkhuku pokondwerera nzeru zawo. Nkhukuyo inali ya bambo uja. Iye anangopatsidwa khosi, ndipo analidya akumwetulira, maso ali pa mwana wake.

Abale anga, Mulungu akafuna kukonza munthu sabwera ndi lezala. Amakhala naye pansi, lero, mawa, mkucha, osatopa. Ndipo pakati pathu amatiikira anthu ochepa a mtima wotero. Timawaika m'manda osawauza zikomo, ndipo amene amaimirira kulankhula pamaliro pawo, atavala jekete, ndi omwe aja anawadyera nkhuku. Inu amene mudakali ndi mpweya, musandiyang'ane ngati ndikunena anthu akutali. Kunyumba kwanu kuli mwana amene anatseka pakamwa chifukwa cha kuseka kwanu. Mukatuluka muno mukakhale naye pansi. Misozi ya pabokosi sinawongolepo lilime la munthu.