Mayiko Zana a Mlongoti

Kuseri kwa nyumba, m'kachipinda kosungiramo njinga yakufa, ndi momwe a Mlongoti ankalamulira dziko lonse lapansi. Dzinali anawapatsa ndi anansi chifukwa cha chitsulo chachitali chimene anaimika padenga. Atapuma pa ntchito anagula wailesi yolankhulirana ndi anthu akutali, ndipo aliyense wowayankha ankamulemba mu pulogalamu ya pakompyuta: dziko lake, tsiku ndi ola. Kalabu ya anthu a mawailesi inkapereka satifiketi kwa munthu wofikitsa mayiko zana, ndipo patatha zaka zambiri akukuwira m'kachipindamo, mkuluyu anawakwanitsa. Msomali wopachikapo satifiketi anali atakhoma kale pabalaza. Chotsala chinali kukapereka zolembedwazo kwa mlembi wa kalabu Loweruka.

Lachinayi m'mawa pulogalamu ija inakana kutseguka.

Mlamu wawo, mnzawo wa m'kalabumo, anali atabwera kudzabwereka makwerero. Anasuzumira pakompyuta.

"Alamu, musanakhudze kanthu, koperani kaye fayiloyo pambali. Kenako tifunse anzathu amene inawavutapo."

"Ine kufunsa? Munthu woti ndinalankhula ndi chilumba chopanda ngakhale sitolo? Zimenezi ndikuzidziwa kale. Inu alamu, wailesi yanu ija imangofika kumsika, nakonso mphepo ikakukomerani mtima."

"Pepani, bwana wa dziko lapansi," anatero mlamuyo, n'kukoka mpando kuti aonere bwino.

A Mlongoti anachotsa pulogalamu yonse n'kuiikanso mwatsopano. Kompyuta inawafunsa mafunso angapo, iwo n'kumangovomera ngati mkamwini pamaso pa apongozi. Funso lina linali lakuti, popeza dzina lawo la pawailesi lilimo kale, kodi zakale zifufutidwe? Koma kuwerenga ndi ntchito ya ongoyamba kumene. Anadina.

Pulogalamu inatseguka bwinobwino, ili mbee ngati mbale yonyambita galu. Munalibe dziko ngakhale limodzi.

Nthawi yomweyo akazi awo analowa ndi tiyi. "Aa, mwakonza, bambo? Koma ndiye yayera! Tsiku lina mudzasese chonchi ndi chipinda chino."

"Musasokose, mayi. Munthu wanzeru amasunga kope."

Anasolola fulashi m'thumba la malaya, akuinyamula m'mwamba kuti onse aione. Kope linalimodi. Kungoti analitseka ndi mawu achinsinsi, poopa kuti alamu angawabere mayiko awo. Analemba tsiku lawo lobadwa, inakana. Analemba dzina la galu, inakana. Analemba dzina la akazi awo, inakananso.

"Ndikanadabwa," anatero mayiwo akutuluka.

"Simunawalembe penapake mawuwo?" anafunsa mlamu.

"Ndinawalemba. Koma osati papepala. Pepala limasowa, alamu. Ine si munthu wa mapepala."

"Nanga munawalemba pati?"

A Mlongoti anayang'ana kudenga, kenako anayang'ana njinga yakufa ija ngati ingawayankhire. Mawuwo anawalemba mu pulogalamu momwemo, pa malo a ndemanga, pansi pa dziko loyamba limene analankhula nalo. Kunalibe malo otetezeka kuposa pamenepo, mpaka m'mawa umenewo.

Mlamuyo sanaseke. Anangomwa tiyi wa eni nyumba, n'kunyamula makwerero. Phwete linamveka ali panja pa mpanda.

Loweruka a Mlongoti anavala jekete, nakaika fulashi patebulo la mlembi.

"Muli mayiko zana m'menemo."

"Tsegulani tione, bambo."

"Kutsegula ndiye kukuvuta pang'ono. Koma alimo."

"Ine ndikukukhulupirirani," anatero mlembiyo akuwabwezera, "koma zachikhulupiriro zili ndi nyumba yake, amatsegula mawa."

Fulashiyo akadali nayo mpaka lero. Mayiko onse ali m'menemo, otetezeka kwa akuba, kwa alamu, ndiponso kwa eni ake. Akuluakulu sananame: Ndadziwa-kale adamanga nyumba yopanda khomo.