Dazi la a Nungu

Padangotero, kale kalelo, kwathu kuja nkhalango isanasanduke makala, kunali a Nungu. Pa unyamata wawo anali oopedwa. Akafika pamowa ankangogwedeza thupi, minga n'kulira kuti wayawaya, nyama zonse n'kusendera kutali. Ngakhale Kambuku ankakumbukira mwadzidzidzi kuti kunyumba kuli odwala. A Nungu ankatsala okha pakati pa bwalo ndi chipanda chawo, ndipo zimenezi ankazitcha ulemu.

Kenaka ukalamba unalowa osaodira. Akazi awo atamwalira, minga inayamba kuthothoka, lero pamphasa, mawa panjira. Ana a Gologolo ankaitola n'kumatokosera m'mano. Pofika masika msana wonse unali dazi, see ngati dzungu. Inangotsala yowerengeka kumchira.

Ndiye kunamveka kuti kwa Njati kwaphikidwa mowa. A Nungu anagwidwa ndi nkhawa. Akapita ndi msana wotere, adzawaopa ndani? Anakamweta tsekera, n'kumusongola, n'kumulemba mizere ndi makala. Anatenga ulimbo, uja anyamata amatchera mbalame, n'kudzipaka msana wonse, n'kuyamba kubzala tsekera uja mmodzimmodzi.

Ali mkati mobzala anatulukira msuweni wawo, Njiri, wamasiye ngati iwo, wa mawondo olira akamakhala pansi.

"Asuweni, mukuvala kapena mukufolera denga?"

A Nungu anati ndi mankhwala a nyamakazi. Njiri anati nyamakazi imeneyo ndi yamwayi, yapeza woimangira nyumba. Anawauzanso kuti ulimbo susankha, umagwira chilichonse chimene chadutsa. A Nungu anati sangalangizidwe za maonekedwe ndi munthu wa nkhope ngati imeneyo, n'kunyamuka.

Njira ya kwa Njati inkadutsa m'thengo. Ulimbo unagwira masamba. Unagwira ulusi wa akangaude. Unagwira nthenga ya nkhanga. Timba anaona chitsamba chikuyenda, anaterapo kuti aone bwino, miyendo n'kumatirira. Mpheta anabwera kudzamukoka, nayenso n'kumatirira. A Nungu anamva phokoso kumsana, koma anati ndi minga yatsopano ikuzolowera.

Anafika dzuwa lili paliwombo, ulimbo utayamba kusungunuka. Anaima pakati pa bwalo n'kugwedeza thupi monga kale. Wayawaya sanamveke. Tsekera anangotsetserekera kumimba, Timba ndi Mpheta akukuwa kuti wina akaitane abale awo. Palibe anasendera kutali. Nyama zonse zinasendera pafupi kuti zione bwino, ndipo Kambuku anaseka mpaka mowa unatulukira m'mphuno. Apo ulimbo unayamba kuyabwa pakhungu losazolowera dzuwa lija. A Nungu anayesa mwendo wakutsogolo, sunafike. Anayesa wakumbuyo, anagwa chagada.

Njiri anayamba waseka kaye mpaka kukhuta. Atatha, anawakokera kuseri kwa nkhokwe, anamasula mbalame zija, zomwe zinauluka zikutukwana, n'kutenga mafuta a nsatsi ndi chitsononkho. Anathira mafuta n'kuyamba kupala. A Nungu, amene anali kulalata njira yonse, anangotsinzina. Njiri anafunsa ngati akuwapweteka.

"Ayi. Tsikirani pang'ono. Kumanzere. Pamenepo."

Njiri anapala.

"Kwererani pang'ono. Pamenepo."

Maso ali chitsinzinire, a Nungu anati malo amenewo anayamba kuyabwa iwo ali mnyamata, ndipo chibadwire palibe anawakhudzapo. Ngakhale malemu akazi awo, a Nachisale, anali ndi minga yawoyawo, moti awiriwo ankakondana motalikirana ngati midzi yoyang'anizana pamtsinje. Njiri anafunsa kuti nanga ana awo anabwera bwanji. A Nungu anati mosamala kwambiri.

Ulimbo unatha, khungu linayera, koma a Nungu anati akumva kuti pena watsalira. Njiri anapala. Anati penanso watsalira. Njiri anaponya chitsononkho pansi.

"Ine si wantchito wanu, asuweni. Tolani icho. Nanenso ndili ndi msana."

Anakandana mosinthana mpaka ng'oma zinayamba kubwalo. Atabwerera, palibe anawapatsa malo. Anachita kudzipanikiza pakati pa Njiri ndi Mbawala, phewa kuphewa, kumwera chipanda chimodzi ndi anzawo. Tsiku limenelo ndi pamene anadziwa kuti pamowa pamakhala miseche. Zaka zonse zija ankaona milomo ikuyenda patali, n'kumayesa akutamanda iwo. Anamva za Fisi ndi apongozi ake, anamva chimene chinafupikitsa mchira wa Mbira, anaseka mpaka chifuwa chinawagwira. Gule atafika pachimake, Njiri anawakokera m'bwalo, mawondo ake akulira, dazi lawo likung'anima ndi nsatsi, ndipo palibe anabayidwa.

M'mawa mwake Gologolo anawapeza atakhala pachitsa, akuzula okha minga yotsala kumchira ija. Atawafunsa, anati ikutchinga chitsononkho.

Yanga yathera pamenepa. Ana inu, ukalamba ukadzakulandani minga, musadzathamangire ulimbo, mudzafune wokukandani.