Zikomo wa Bwampini

Padangokhala, kale nyama zikadathandizana pamavuto, moto wolusa udatentha nkhokwe ya Nungu. Mtedza wambewu wonse psiti, mvula ili pafupi. Akapanda kudzala, ana ake adzadya chiyani?

Nyama zidagwirizana zosonkha, khomo lililonse kamtedza. Bwampini, khoswe wamkulu wa masaya ngati matumba uja, adadzipereka kuyenda m'makomo.

Nungu adayankhula motsitsa. "Alamu, bwanji titenge chipanda, timate pakamwa ndi phula, tingosiya kabowo? Munyamule awiri ndi a Njiri, tidzatsegule pagulu."

"Ndiye kuti ndine wakuba?" adatero Bwampini. "Nkhokwe yapsa ndi yanu, miyendo yoyenda ndi yanga, malamulo akhalenso anu?"

Nungu adachita manyazi, naileka nkhani ya chipandayo. Wosauka amachita manyazi ndi zinthu zake zomwe.

Bwampini adayamba kwa Gologolo. "Odi kuno, za a Nungu zija. Ikani m'masayamu, zikafika." Gologolo adaika. Tsono mwambo mukuudziwa, wolandira amathokoza. Pofuna kunena zikomo, m'kamwa muli tho, mtedza umodzi udatsetsereka kummero. Adamva kukoma.

Kwa Njiri chimodzimodzi. "Ikani m'masayamu, zikafika." Zikomo, wameza. Kuchokera apo Bwampini adasanduka waulemu kuposa nyama zonse. Khomo limodzi ankathokoza bambo, kuthokoza mayi, kuthokoza ana mmodzimmodzi, mpaka mlendo wongodutsa.

Madzulo adafika kwa Nungu, nalavula timtedza towerengeka, tonyowa malovu.

"Ndi tomweti, alamu. Anzathuwa aumira masiku ano."

Nungu adayang'ana timtedzato, nayang'ana mimba ya mlamu wake. M'mawa adamata chipanda chake, nayamba yekha kuyenda m'makomo.

"Tidapereka dzulo, a Nungu," adatero Gologolo. "Kodi nkhokwe yanu ipsa kangati?"

Njiri sadatuluke n'komwe. Adangotuma mkazi wake kukanena kuti achokapo.

Mvula idagwa, munda wa Nungu udamera udzu. Ana ake adakagwira ganyu yopalira kwa Bwampini yemweyo. Lamulo la chipanda chomata, la onyamula awiri ndi kutsegula pagulu, nyama zidalikhazikitsa ndithu, koma chaka chinacho, itapsa nkhokwe ya Njovu.

Nthano yanga yafera pamenepa. Ana inu, zosonkhera wovutika musazisungitse m'kamwa mwa mmodzi, ngakhale akhale mlamu wanu, chifukwa akaba amaba ndi chifundo cha opereka chomwe.