Kamtedza ndi Kabango ka Wonga

Kalekale, m'mudzi mwathu muno, nkhalango ya Dzalanyama isanathawire kumapiri, munali mkamwini wina dzina lake Kamtedza, wa mfunda wa Mwale. Nkhalango ndikunenayi si timitengo mukuotcha makalati ayi. Inali nkhalango yoti dzuwa linkachita kupempha polowera. Agwape ankadya nyemba kuseri kwa nkhokwe, mbawala zinkamwa madzi padambo pomwe mukuumba njerwapo. Ndikaganiza zimenezi mtima umandiwawa, chifukwa inu mwakula osalidziwa n'komwe fungo la nyama yowamba.

Kamtedzayo anadzakwatira Nangondo, gogo wa agogo athu. Kwawo anachokako ndi zinthu ziwiri zokha, mphasa ndi mfuti ya gogodera. Gogodera mumaidziwa? Mungaidziwire kuti, inu a malegeni. Ndi mfuti yodyera kukamwa. Umathira wonga, n'kutsindira kachiguduli ndi ndodo, n'kuponyamo chipolopolo, n'kutsindiranso. Ukawombera kamodzi, basi, uyambirenso poyamba, nyama ikuthawa.

Mfuti ya Kamtedza inali nkhalamba. Inadutsa m'manja mwa anthu ambiri, ndipo mmisiri wosula zitsulo amene anaikonza komaliza anadula kabango, n'kukamangirira kunyanga yosungiramo wonga. Anati, "Mlingo wake ndi uwu. Uzikadzaza, n'kusalaza ndi chala pamwamba, osaonjeza. Mfuti iliyonse ili ndi mimba yake, ndipo iyi ndi mimba ya nkhalamba." Kamtedza anamvera. Poti wonga wochepa sufika patali, anaphunzira kukwawa chamimba mpaka pafupi ndi nyama, ndipo sankabwera chimanjamanja.

Koma ankabwera ndi chiyani? Lero gwape. Mawa gwape. Mkuja mbawala, kenaka gwape. Pamene mlamu wake Chikadza, mlongo wa Nangondo, anali ndi mfuti yatsopano ya kwa Apwitikizi, yodya wonga wambiri, yofika patali. Iye ankagwetsa ngoma ndi mphalapala, mudzi wonse n'kutuluka ndi madengu. Ndiye chilamu mukuchidziwa. Akakumana panjira, Chikadza ankati, "Alamu, lero mwatigwirira mbewa yanji? Ya nyanga ija?" Anthu n'kuseka, Kamtedza n'kuseka nawo, koma kuseka kwa mano okha. Mkamwini akwiyira yani pamudzi pa eni?

Chaka china m'chilimwe, tchire litapsa, Kamtedza anaona ngoma yamphongo tsidya lina la dambo, nyanga zopotana ngati chingwe. Pokwawira panalibe, lupsa lokhalokha. Anaisiya, koma mtima unatsalira komweko. M'mawa mwake anabwererako yekha, ndipo atafika m'mphepete mwa dambo anatulutsa nyanga ya wonga. Anathira kabango kamodzi. Anamva mawu a mlamu wake m'khutu, anathira kachiwiri. Kenaka, poti mtima ukathamanga sumva, anakhuthulira wina pachikhatho n'kuonjeza. Ngoma inatulukira, iye n'kuloza.

Mfuti sinalire, inang'ambika. Ngoma inapita ndi nyanga zake. Anthu otema nsungwi ndiwo anam'peza ali kwala, nkhope ili bii ndi utsi, chala chachikulu ndi mkombaphala za dzanja lamanzere kulibe.

Atatsitsimuka kumudzi, alenje anzake anam'zungulira, Chikadza ali pomwepo. Wamkulu wa alenje anafunsa, "A Mwale, munathira wochuluka bwanji?"

Kamtedza anayang'ana mlamu wake, n'kuti, "Kabango kamodzi, monga mwa masiku onse."

Ana inu, iye ankayesa kuti wangotchinjiriza dzina lake la ulenje. Anaiwala mwambo wa uzimba. Masiku amenewo mwamuna akalowa m'tchire, mkazi ankayenera kudzisunga, chifukwa ankati akayenda njira ndi mwamuna wina, ngozi imakagwera mwamuna wake kutchireko. Ndiye ngati mlingo unali wabwino, mfuti yaphulika bwanji? Maso onse anatembenukira kwa Nangondo.

Abale a Kamtedza anafika kuchokera kwawo, azilongo ake akulira ngati pamaliro. Ankati, "Watidulira m'bale wathu ameneyu. Atchule mwamuna amene anali naye." Nangondo anakana. Akafika kuchitsime, akazi anzake ankasiya nkhani pakati. Komabe m'mawa uliwonse ankatenthetsa madzi, n'kutsuka bala la mwamuna wake, n'kumangapo mankhwala. Tsiku lina akumanga anafunsa motsitsa mawu, "A Mwale, nanunso mukukhulupirira zimenezi?" Kamtedza anatembenukira kukhoma, n'kuti bala likuwawa.

Anali munthu woipa? Ayi, sanali woipa. Anali wamanyazi, ndipo manyazi anapha lambe. Ankadziuza kuti nkhaniyi izizira yokha. Mawa izizira, mkuja izizira. Sinazizire. Ankhoswe a mbali zonse ziwiri anagwirizana zoitana mapondera, munthu wosinja mwabvi. Mwabvi ndi khungwa la mtengo wakupha. Ankati wosalakwa akamwa asanza, wolakwa afa. Koma ine ndikuuzeni, khungwa lilibe maso, ndipo osalakwa ambiri anapita nalo. Nangondo mwini wake anangoti, "Bweretsani, ndimwa. Ndatopa n'kulozedwa zala."

Tsikulo dzuwa litangotuluka, anthu anasonkhana kumtsinje. Mapondera anayamba kusinja, thi, thi, thi, ndipo kugunda kulikonse Kamtedza ankakumva m'bala mwake. Nangondo anakhala pamchenga atatambalala, osayang'ana munthu. Chikadza, munthu wanthabwala uja, misozi inali mbwee, chifukwa amene ankati amwe mwabviyo anali mlongo wake wa bere limodzi. Chikho chinadzazidwa. Nangondo anachilandira ndi manja awiri, monga analeredwera.

"Dikirani."

Mawuwo anatuluka ang'onoang'ono, moti Kamtedza anachita kubwereza. Anaimirira, dzanja lili m'chiguduli. Anati, "Mkaziyu sanandidule. Ndinadzidula ndekha. Ndinathira mabango awiri, n'kuonjeza wapachikhatho. Ndinkafuna ngoma yoti alamu anga asiye kundiseka. Ndinanama."

Kenaka mlongo wake wamkulu anati, "Achimwene, wakudyetsani chiyani kuti mumuikire kumbuyo?" Koma wamkulu wa alenje anaitanitsa chitsulo chong'ambika chija, anachitembenuza uku ndi uku, n'kupukusa mutu. Anati, "Ndinkakayika ine, kungoti mlenje satsutsa mnzake wovulala. Kabango kamodzi sikang'amba chitsulo chonchi."

Mapondera anakhuthulira mwabvi pamchenga. Chikadza anagwira pakamwa pake, n'kuti, "Alamu, pakamwa pangapa nanenso ndinathira wambiri." Nangondo sanalire, sanaseke. Anangoyang'ana mwamuna wake, n'kufunsa, "Masiku onsewa ndikukutsukani balali, mawu amenewa anali kuti?" Inu mukanayankha chiyani?

Nangondo anakagona kwa mayi ake mpaka mvula inagwa, ndipo palibe anam'dzudzula. Anthu ankayesa kuti Kamtedza akulunga mphasa yake n'kubwerera kwawo. Sanapite. Anakhala, akazi akumuimba pamtondo, ana akumuyeserera dzanja. Analima munda wa mkazi wake ndi dzanja limodzi ndi theka, mizere yokhotakhota, koma anaumaliza. Tsiku lodzala chimanga anangomva munthu akuponya mbewu m'mapando pambuyo pake. Anadziwa kuti ndi Nangondo, koma sanatembenuke, kuopa kumuthawitsa. Anangopitiriza kukumba, misozi ikugwera pakhasu.

Mfuti sanaigwirenso. Koma alenje akamakonzeka ulendo wa kutchire, ankamupeza pamphambano, akuyang'ana mfuti iliyonse ngati ili ndi kabango kake, kodulidwa ndi mmisiri, osati kobwereka kwa mnzako. Wina akang'ung'udza kuti wonga wachepa, nyama ili patali, iye ankati, "Ikatalika, kwawa. Ikathawa, ndi ya mawa." Akatero ankakweza dzanja lake lija, n'kuti, "Zala ziwirizi ndinalipira zochepa. Malipiro enieni anali m'chikho, ndipo amene ankakalipira si ine."

Lero magogodera anatha, ngoma zinatha, ngakhale mabango a kudambo kuja ng'ombe zinapondaponda. Chatsala ndi funso limodzi. Mwamvapo amayi anu, wina akaononga chinthu n'kuyamba kuyang'ana womukankhira, akufunsa kuti, "Unathira mabango angati?" Munkayesa ndi mawu chabe? Ndi Kamtedza ameneyo. M'banja mwathu muno timayeza tisanathire. Ndipo chikatiphulikira m'manja, timanena msanga kuti tinathira wochuluka bwanji, chikho chisanafike m'manja mwa munthu wosalakwa.