Nagama, mlongo wopanda miyendo

Kalekale, m'thamanda lina la kudambo, munali mtundu wa tizilombo ta zigoba ngati nkhanu, koma tochepa ngati njere ya mawere. Mwini mbumba wawo anali Chidothi. Mmodzi mwa alongo ake anali Nagama.

Chaka china kunagwa njala. Nagama anachoka, nakakakamira panthiti ya Mlamba kuti aziyamwa magazi. Anakhala, nakhala. Miyendo inafota. Diso linazima. Anangotsala ngati ulusi, timatumba tiwiri ta mazira tikulendewera.

Tsiku lina Mlamba anadutsa pafupi ndi bango la kwawo. Nagama anaitana.

"Achimwene, ndine Nagama. Mazira anga aswa mawa. Landirani ana m'bangomo, matemba angawadye."

Chidothi anamuzungulira kawiri.

"Mayi, mlongo wanga anali ndi miyendo. Inu ndinu nyongolotsi."

"Inuyo munabadwa ndi miyendo ingati, achimwene?"

"Yonseyi mukuionayi."

"Sindiona, koma ndikukumbuka. Tinabadwa tsiku limodzi. Diso limodzi pamphumi, timiyendo tisanu ndi kamodzi. Inayo munaipeza pofundula."

Chidothi anaseka, nachoka.

Kutacha mazira anaswa. Madzi anatenga anawo, nawalowetsa m'bango, nawasakaniza ndi ana a alongo ena a Chidothi. Onse diso limodzi. Onse timiyendo tisanu ndi kamodzi. Ngakhale amayi awo sanathe kuwasiyanitsa.

Alongowo anati, "Achimwene, asiyeni. Mwina ndi athu ndithu."

Koma Chidothi anali atakana kale pagulu. Anayamba kuloza. "Uyu si wathu. Uyu si wathu." Theka la anawo analitulutsa kunja, kumene matemba ankadikira.

Nagama sanaone. Anangomva madzi akuthithimuka, kenako zii.

Otsala aja anafundula. Anafundulanso, miyendo ikuwonjezeka. Nthawi itakwana, anayamba kuchoka mmodzimmodzi, aliyense kukafuna nsomba yoti akakamirepo. Apo m'pamene zinadziwika. Ambiri amene Chidothi anasunga anali a Nagama. Amene anapereka kwa matemba anali a alongo ake aja.

M'bango munatsala nkhalamba zokhazokha.

Chidothi anapita kwa Mlamba, naitana chapansipansi, "Mlongo wanga. Mlongo wanga."

Nagama anamva. Mlamba anatembenuka, nalowera naye kumtsinje, ndipo sanabwerenso.

Wamva, mwanawe? Mbale samuyeza atakula, moyo utamupinda kale. Umakumbuka mmene munabadwira. Ine ndinabwera kuchokera ku esiteti ya fodya ndili ndi ndodo, diso limodzi litafa. Bambo ako, mbale wanga wa bere limodzi, anandifunsa dzina ngati mlendo pakhomo pa mayi athu. Lero iwe wabwera kudzafunsa malire a munda, chifukwa wowadziwa ndatsala ndekha.

Nthano yanga yathera pomwepa. Za malirezo kawafunse bambo ako kumanda.